Tsiku Limene Anabwera Kudzanyamula Abiti Joni

Ndikukumbukira chenjezo limene bambo anga anandipatsa atanyamula kale chikwama, mwendo umodzi uli panja: "Felesiya, mlendo akakutchula dzina iwe usanamuuze, usayang'ane mano ake. Uziyang'ana zimene wanyamula." Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Iwo ankapita ku Makanjira kukaona mkulu wawo amene ankadwala, ndipo masiku amenewo ulendo wa ku Makanjira unkadziwika tsiku lopita lokha. Lobwerera linali m'manja mwa boti ndi mphepo ya mwera.

Tinali ndi tiyirumu pa boma pa Mangochi, kufupi ndi pokwerera mabasi. Kwathu kwenikweni ndi kutsidya, kumidzi ya mishoni, kumene anthu amalima ndi kupha nsomba, koma bambo atabwerako ku Joni anakana kubwerera ku khasu ndi ukonde. Anzawo a kumigodi ankabwera ndi njinga, masuti ndi zipewa. Iwo anabwera ndi chinthu chachitali ngati ine, cholemera ngati ng'ombe, cha galasi kumaso ndi magetsi ofiira ndi obiriwira m'mbali. Chinapangidwira kandalama kakale ka sikisi, koma kwacha itabwera, faifi tambala inkalowanso bwinobwino. Ukaponya ndalama pakabowo n'kudina mabatani awiri, kadzanja kachitsulo kankayenda m'katimo, n'kutola mbale imodzi ya nyimbo pakati pa zinzake, n'kuigoneka, singano n'kutsika. Pamenepo makapu onse pashelefu ankayamba kunjenjemera.

Chinthucho chinalibe dzina limodzi. Bambo ndi anzawo a kumigodi ankati jukubokosi, akutukula milomo kuti udziwe kuti anayenda. Anyamata ogwira ntchito kuhotela ku Makokola ankangoti mashini, ngati kuti kwawo ali nawo mulu. Ana asukulu ankati wailesi ya tambala. Anthu akumtunda, odzagulitsa nandolo ndi chimanga, ankati gumbagumba wodziimbira yekha, ndipo ena ankazungulira kumbuyo kukafuna munthu amene wabisalamo. Amayi a kutchalitchi kwathu ankati limba la Satana, koma ine ndinkawaona podikira basi, phazi likugunda pansi kunsi kwa chitenje. Asodzi a ku Nkhudzi, amene ndalama zawo zinkanunkha utaka, ankati kampango, poti chinkameza chilichonse choponyedwa kukamwa kwake osabweza. Madala azikofia, omwa tiyi akachoka kumzikiti, poyamba ankati bokosi la majini, koma atachizolowera anachipatsa ulemu wa mwana wamkazi wa pakhomo: Abiti Joni. Amayi anga okha ndiwo ankati "mkazi mnzanga," chifukwa bambo ankachipukuta m'mawa uliwonse ndi kansalu kofewa, pamene iwo sankawagulira ndi mpango womwe.

Ine ndili kuseri kutsuka makapu, ndinkadziwa amene walowa ndisanamuone nkhope. Ndinkangomva dzina limene watchula, basi ndadziwa kwawo, tchalitchi kapena mzikiti wake, ngakhalenso ngati afuna tiyi wamkaka kapena wopanda.

Musaone ngati chinali choseweretsa. Tiyi ankagulitsa aliyense pamalo paja; anthu ankadzera kwathu chifukwa cha nyimbo. Lendi ya nyumba, fizi yanga, ufa ndi sopo, zonse zinkatuluka m'mimba mwa Abiti Joni. Zaka zonse zimene bambo anakhala kunsi kwa nthaka, pamodzi ndi chifuwa chimene anabwera nacho, zinali m'bokosi limenelo. Likanachoka, ife tikanabwerera kumudzi chimanjamanja, ine sukulu n'kuthera pomwepo.

M'katimo munali mbale za rumba, za simanjemanje, ndi za magitala a kwathu konkuno. Munalinso mbale imodzi ya nyimbo za chipani, zotamanda mtsogoleri wa dziko, mbali zonse ziwiri. Inu amene simunaione nthawi imeneyo, mvetsani. Chipani chinali chimodzi, khadi lake linkafunika pokwera basi ndi polowa mumsika, ndipo chithunzi cha mtsogoleri chinkapachikidwa pamwamba pa china chilichonse m'nyumba ya malonda. Mbale imeneyo bambo anaiikamo ngati mmene ena amakwiririra mankhwala pakhomo. Panalibe woisankha, kupatula tsiku limene ogulitsa makadi ali pafupi.

Tsikulo mwera unkaomba, fumbi likulowa mpaka m'shuga. Amayi anali atapita kusikelo ndi mwana wakhanda, n'kusiya tiyirumu m'manja mwa mlongo wawo, amalume a Yohane, amene ankakhala nafe poyembekezera ntchito imene sinkabwera. M'katimo munali asodzi angapo, ndi Che Amidu, dala wosoka zovala pakhonde pathu, amene anali atalowa kudzathawa fumbi.

Dzuwa litakwerako, lole inaima pakhomo penipeni. Munatsika bambo wonenepa wa suti yotuwa, baji ya chipani pachifuwa, ndi anyamata awiri pambuyo pake.

"Iwe ndiwe Felesiya eti? Mwana wa a Simoni? Koma wakula!" anatero akuseka mano onse.

Ndinanyonyomala n'kuyankha moni monga mwa mwambo, koma maso anga anapita kumene bambo anawatuma. Anyamata aja ananyamula zingwe ndi mabulangete awiri atsopano, mizere yopinda ikuonekabe.

"Ndachokera kuofesi yaikulu ya chipani," anauza amalume, mawu atawakweza kuti onse amve. "Tamva kuti katundu uyu ali ndi nyimbo zoletsedwa. Tikamuunika kuofesi. Akapezeka kuti ali bwino, abwera."

Katundu. Chifikireni chinthucho pakhomo pathu, ndinali ndisanamvepo munthu akuchitchula choncho. Maina onse aja, ngakhale onyoza, anali a chinthu choimba, chakudya, chokhala ndi khalidwe lake. Katundu ndi chimene chimakwera lole, chimene chili ndi mtengo. Ndiye mabulangete aja. Ndinali nditaonapo achinyamata a chipani akulanda zinthu za anthu: wailesi ankaikoka ndi chingwe chomwe n'kuiponya m'galimoto ngati chikuni. Wolanda safunditsa. Amafunditsa ndi amene akuopa kuti galasi lingakandike asanapeze wogula.

Koma ndikanauza yani? Masiku amenewo munthu wa baji akalankhula, ngakhale nkhuku zinkakhala chete. Asodzi aja anaweramira m'makapu mwawo ngati mwagwera ntchentche. Che Amidu anayamba kuwerenga zala zawo.

"Tengani, bwana, ife ndife ana a chipani," anatero amalume.

"Masulani unyolo wakumbuyowo," anatero bambo wa suti, asanayang'ane n'komwe kumbuyoko.

Bambo anali atamanga jukubokosi ndi unyolo kuchitsulo cha pansi, ndipo kiyi ankamubisa kunsi kwa chitini cha shuga. Anationetsa awiri, amayi ndi ine. Amalume anapita molunjika kuchitini chija, osafunsa, osafufuza. Nanga iwo anadziwa bwanji?

M'dzanja langa munali faifi tambala imene msodzi wina anali atangolipira tiyi. Ndinaifumbata, n'kutenga kansalu ka bambo kaja.

"Bwana, ndipukuteko kaye fumbi. Chikapita chakuda bambo adzandikalipira."

"Mwana waulemu uyu," anatero. "Pukuta, mayi."

Ndinapukuta galasi, ndinapukuta m'mbali, ndipo nsalu itaphimba kabowo kaja ndinaponya ndalama n'kudina mabatani awiri amene ndinkawadziwa ngati zala zanga. Kadzanja kaja kanayenda pang'onopang'ono, kosafulumira ngati kuti palibe chachitika. Kenako ng'oma zinagunda, mawu a amayi a chipani n'kukwera, dzina la mtsogoleri n'kudzaza nyumba yonse mpaka kumsewu.

Mnyamata mmodzi anali atawerama kale kuti azule chingwe cha magetsi. Anauma pomwepo, dzanja lili m'malere.

"Zula, iwe!" anatero bambo wa suti.

"Nyimbo imeneyi, bwana? Zulani ndinu."

Che Amidu anaika kapu pansi, n'kukonza kofia yawo. "Zimitsani, ambuje, musaope. Ife tangokhala, maso tili nawo. Akadzafunsa kuti anadula pakati nyimbo ya mwini dziko ndani, sitidzavutika kukumbukira."

Bambo uja anaseka, koma kuseka kwake kunali kutachepa mano. "Palibe kanthu, tidikira ithe," anatero, n'kukhala pabenchi.

Apa ndiye panali vuto langa. Nyimbo ya pambale sichedwa kutha, ndipo ine ndinalibenso ndalama. Chitini chosungira ndalama za malonda chinali m'khwapa mwa amalume. Ndinayang'ana asodzi aja mmodzimmodzi. Singano inali itadutsa kale pakati pa mbale.

Wamkulu wa asodziwo, a Matiyasi, munthu wa zikhatho zong'aluka ndi zingwe za ukonde wa chilimira, anadzuka akudziwongola ngati munthu wotopa ndi kukhala.

"Kampango wanga sanadye lero," anatero. Anaponya ndalama, n'kundiyang'ana. "Kuseri kwa mbale yomweyi ndi mabatani ati, mwana iwe? Nyimbo yokoma chonchi sitingaimve mbali imodzi."

Ndinawaonetsa. Koma panali kanthawi kena koopsa: nyimbo ikatha, kadzanja kaja kankayenera kunyamula mbale n'kuitembenuza, ndipo pamenepo nyumba inkakhala zii. Mnyamata uja ankadikira pomwepo, maso ali pachingwe. Nyimbo inatha. Iye anasendera. Koma amayi ogulitsa mandasi ndi nsomba zouma, amene anali atadzaza pakhomo kudzaonerera, anangoitola nyimboyo pamene inathera, akuomba m'manja, mawu ali pamwamba. Angazule bwanji pamene nyimbo ikuimbidwabe? Pamene singano inkatsikanso, nyimbo inali isanaduke ngakhale pang'ono.

Kuyambira pamenepo zinangoyenda zokha. Mbali iyi ikamaimba, wina waponya kale ya mbali inayo. Analowa mnyamata wa kuhotela wa malaya oyera amene ankadikira basi ya ku Makokola: "Tapatukani, tione ngati mashini akugwira bwino." Analowa ana asukulu awiri atasonkherana, akukanganirana wodina wailesi ya tambala. Analowa bambo wina wakumtunda, thumba la nandolo atalisiya panja, n'kundipatsa ndalama kuti ndimuponyere, poti ankaopa kuti gumbagumba angamulume chala. Ndipo abale inu, analowa mayi Esitere, otsogolera nyimbo kutchalitchi kwathu, amene phazi lawo linali lisanapondepo m'tiyirumu mwathu. Anamasula mfundo ya chitenje akupukusa mutu.

"Mulungu andikhululukire. Lero limba la Satana lidya yanga."

Che Amidu nawo anafutukula kansalu kawo ka m'thumba komangamo ndalama, n'kuyenda mwaulemu ngati akupita kukapereka mphatso paukwati. "Abiti Joni sangachoke pakhomo eni ake kulibe," anatero, osayang'ana munthu. "Ukwati wanji wopanda ankhoswe?"

Onani nzeru ya anthu a nthawi imeneyo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula mawu oti wakuba. Panalibe amene anatsutsa munthu wa baji. Aliyense ankangoonetsa kukonda chipani, ndipo ukanamufunsa akanalumbira kuti nyimboyo inamugwira mtima. Ungamumange bwanji munthu chifukwa chotamanda mtsogoleri?

Amalume anandikokera kuseri n'kundipotokola khutu. "Ukufuna utimangitse, mfiti iwe?"

"Amalume!" ndinakuwa, kuti amve ndi a panja omwe. "Mukundiletsa kuika nyimbo ya chipani?"

Anandisiya ngati agwira mphika wamoto.

Phokosolo linafika mpaka kumsika, ndipo linakautsa munthu amene tonse tinkamuopa kuposa apolisi: Abiti Selemani, tcheyamani wa amayi a chipani m'dera lathu. Anali mayi wamfupi wa mawu ngati lipenga. Iwo anawakalipirapo amayi anga pagulu chifukwa chojomba kokonzekera gule ali ndi pakati. Sindinkawakonda, ndipo iwo sankakonda aliyense. Anafika akupuma mwaukali, anthu n'kupatuka okha.

"Ndani waitanitsa gule ine osadziwa?"

Bambo wa suti anadzuka, n'kufotokozanso za ofesi yaikulu ndi nyimbo zoletsedwa. Abiti Selemani anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kubaji, n'kubwereranso kunsapato.

"A kuofesi yaikulu? Mwafika liti, osadzera kwa ife? Alendo athu timawalandira ndi nkhuku, bambo. Ndiye mukuti yoletsedwa ndi iti? Imene ikuimbayi?"

"Ayi, mayi, zina zili m'katimo."

"Chabwino. Yambani mwavina nafe iyi, poti ndi yanu. Ikatha tipitira limodzi kuofesi ya boma lino, si patali, a tcheyamani akakuoneni nkhope."

Akanakana bwanji? Anavina. Ndakalamba ine, maso ayamba kufooka, koma chithunzi chimenecho sichinafufutike: bambo wonenepa, suti yotuwa, thukuta likutsika m'khosi, akuponda fumbi pakati pa amayi a mandasi, iwo akumuzungulira ndi nthungululu. Mapazi ake ankapita kwina, ng'oma kwina. A Matiyasi ankamuimbira m'manja pafupi ndi khutu. "Tsikani pansi, bwana! A kuofesi yaikulu amatsika kuposa pamenepo!"

Nyimbo isanathe, bambo uja anati akufuna akatembenuze lole kuti Abiti Selemani akwere kutsogolo, asayende pansi. Anyamata ake anali atazemba kale. Lole inalira, inanyamuka, koma sinatembenuke. Tinangoona fumbi likuloza njira ya ku Liwonde. Zingwe ndi mabulangete zinatsala pakhomo pathu.

Anthu anafuna kuphulika ndi kuseka, koma nyimbo inali ikuimbabe, ndiye aliyense anaima chilili, milomo atailuma, mapewa akugwedezeka, mpaka singano inanyamuka. Pamenepo ndiye kunali chiphokoso! Amayi ena anandinyamula m'mwamba. Msodzi wina anaponya ndalama n'kudina rumba, ndipo Abiti Selemani anachita ngati sakumva, koma potuluka phewa lawo limodzi linkayenda lokha. Atafika pakhomo anatembenuka n'kundiloza.

"Iwe mwana uli ndi mtima wa chipani. Loweruka ndikuone kokonzekera gule."

Ndiwo anali malipiro anga amenewo: zaka ndi zaka zovina padzuwa, nyimbo imene sindinkaikonda n'komwe. Koma ndinkavina mutu uli m'mwamba, chifukwa ndinkadziwa chimene nyimboyo inandigwirira.

Amayi atabwera kusikelo n'kumva nkhaniyo, anakhala pansi mwana ali kumsana. Atapuma, anatola bulangete limodzi, n'kulisisita, n'kuyang'ana jukubokosi. "Mkazi mnzanga, ukanapita ndi mabulangete atsopano ine ndikufunda sanza?" Mabulangete amenewo tinafunda ife mpaka ine kukwatiwa.

Madzulo ake ndinawafunsa kuti amalume anadziwa bwanji za chitini cha shuga, ndiponso kuti mlendo uja anadziwa bwanji za unyolo, za dzina langa, ndi za tsiku la sikelo. Amayi anangoti, "Ndi mlongo wanga," n'kupitiriza kuyamwitsa. Sabata isanathe amalume anabwerera kumudzi. Umboni ndinalibe, ndipo mpaka lero ndilibe. Pamaliro awo ndinapita, ndinaphika, ndinalira monga mwa mwambo. Koma kuyambira tsiku lija sindinaonetsenso wachibale pamene ndimaika kiyi.

Bambo nkhaniyo anaimvera m'boti asanatsike, itakula kale: ena ankati ndinamenya anthu atatu, ena ankati lole inagwera mu Shire. Atafika anapita molunjika kwa Abiti Joni. Anayang'ana unyolo, anayang'ana galasi, n'kundipatsa kansalu kaja kuti kuyambira tsikulo wopukuta ndikhale ine. Pa boma ponse chinthucho chinapeza dzina latsopano, lokhalo limene Mkhristu ndi Msilamu, msodzi ndi wa kuhotela, anagwirizana: ankati Sachoka. Ndipo sichinachokedi. Chinaimba mpaka makaseti atabwera, chinandiphunzitsa sukulu, ndipo chinafera pamalo pake pomwepo, chili chomangidwa ndi unyolo wake.

Adzukulu anga amati ndine wovuta, sindikhulupirira munthu. Akunena zoona. Ngakhale anthu amene anaponya ndalama tsiku lija, sindinganene kuti onse ankatikonda. Ena ankangofuna kuona mmene zithere, ndipo lole ikanabwera iwo ali okhaokha, aliyense akanathandiza kunyamula. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti munthu mmodzi ndi wosadalirika, koma anthu akachuluka pakhomo amayang'anana, ndipo woipa amasowa poponda. Wakuba saopa unyolo, kiyi amamupeza. Amaopa khomo limene pali maso.

N'chifukwa chake ndalemba izi. Masiku ano ndimakhala ndekha m'mbali mwa msewu wa ku Makokola, nyumba ya malata akale yokhala ndi mitengo ya mango kumaso. Ana ali kutauni. Kwayamba kufika anthu a magalimoto oyera, aulemu kwambiri, ondibweretsera shuga, maso awo akuyeza malo anga kuchokera kumsewu mpaka kumadzi. Amasankha nthawi imene anansi apita kumunda. Ndiye inu owerenga, mukamadutsa njira imeneyi, patukani mudzandione ngati ndadzuka. Imani pakhomo, kambani mokweza, odutsa aone kuti gogo uja ali ndi anthu. Bwerani masana, ndipo bwerani awiriawiri kuti wina aziyang'anira mnzake. Tiyi ndikupatsani, wamkaka ndithu. Koma mumwera panja.